Ngolo Imene Inabweretsa Mkamwini

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Efulemu ankazungulira kuseri kwa nkhokwe kumene kunkagona ngolo yawo, n'kugogoda thabwa lakumbuyo ndi chala, go go go, ngati mlendo waulemu.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

Akatero ankatchera khutu pang'ono, n'kugwedeza mutu ngati ayankhidwa, kenako n'kudonthezera mafuta akuda m'mateyala ndi nthenga ya nkhuku. Akazi awo, mayi Zipora, amene mudzi wonse unkawatchula kuti Nankhoma, ankaonera zimenezi ali pakhomo la khitchini.

"Ine moni wanga ubwera dzuwa likafika pamutu," ankatero. "Ayambe kaye ndi mkazi wamkulu."

Akanena choncho ankaseka, koma atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Chichokereni mano awo akutsogolo, Nankhoma sankaseka poyera.

A Efulemu kwawo kunali ku Nathenje, tsidya la msewu wa tala. Kuno kwa Mitundu anabwera nthawi ya Chitaganya kudzakhala chikamwini. Anzawo onse ankafika wapansi, mphasa pamutu, khasu paphewa, maso pansi. Iwo anafika ataimirira pa ngolo ya atsibweni awo, chipewa chitapendama, kutsogolo kuli ng'ombe ziwiri, Sitima ndi Kapitawo. Teyala lakumanzere linkalira kuti kwiii-kwo, kwiii-kwo, moti agalu anadziwa kuti kwabwera mkamwini eni mudzi asanadziwe. Akuluakulu anang'ung'udza kuti mkamwini asamakule mwendo, koma m'mawa mwake omwewo ndi amene anayamba kubwereka ngoloyo. Atsibweni aja anamwalira asanaiitanitse, ndipo inakhala ya a Efulemu mpaka kalekale.

Palibe chimene ngoloyo sinanyamule. Fodya, njerwa, manyowa, chimanga cha kudimba, nkhumba zopita kumsika. Ana ambiri a m'mudzimo ulendo wawo woyamba anayenda pamenepo ali m'mimba, popita kuchipatala, ndipo akuluakulu ambiri anayendaponso ulendo wawo womaliza. Thabwa likafumbwa, a Efulemu ankazula n'kukhomapo lina. Teyala likatha, ankasaka lina la galimoto yakufa. Goli likathyoka, ankasema latsopano. Ng'ombe ikakalamba, yolowa m'malo inkalowanso dzina, monga amachitira ndi ufumu. Sitima anakhalapo wofiira, anakhalapo wakuda, anakhalaponso wamawanga wa nyanga imodzi, koma kwa a Efulemu anali Sitima yemweyo basi.

Chinthu chimodzi chokha ndiye sichinkayenda. Ukwati wawo unali wa chinkhoswe, sunadalitsidwe kutchalitchi. Tsiku la mgonero, anzawo akamasendera kutsogolo, a Efulemu ankatuluka mwakachetechete ngati akukaona ng'ombe. Kwa zaka zambiri sizinawavute. Koma chaka chija anthu atangovotera zipani zambiri, pamene munthu ukamupatsa moni ankakuyankha kuti zinthu zasintha, kunamwalira mnzawo wapamtima, a Isake. Nawonso ukwati wawo unali wosadalitsa, ndipo maliro awo anayenda opanda nyimbo ya mpingo. Bokosi linakwera pa ngolo ya a Efulemu. Njira yonse ya kumanda chimene chinkamveka ndi teyala lija basi, kwiii-kwo, kwiii-kwo.

Atabwerako anakhala pakhonde osavula nsapato.

"Nankhoma, tiyeni tikadalitse ukwati. Ine kupita ngati Isake sindikufuna. Ndidyeko mgonero ndili ndi moyo."

Nankhoma ankasankha nyemba m'lichero. Anasankha, nasankha, nachotsa ndi zabwinobwino zomwe.

"Chabwino, bambo a Tawina. Koma kutchalitchiko ndidzapita pa ngolo imene inakubweretsani kuno. Imeneyo basi. Ina ayi."

A Efulemu anadzuka ngati mnyamata. "Ndiye zatheka. Si iyo ili kuseriyo."

"Iyo? Ndionetsenipo msomali umodzi wokha umene unachoka nanu ku Nathenje tsiku lija."

Anapita kukaizungulira ngoloyo. Anasuzumira kunsi, anagwira apa, anakanda apo. Matabwa anali a bulugama amene anacheketsa chaka cha chilala. Mateyala anachokera ku esiteti ina ya fodya. Chitsulo cholumikiza mateyala anachigula kwa Mitundu komkuno. Msomali wa tsiku lija panalibe ngakhale wothyoka.

Nkhani inawafika a Gilibati, mlongo wawo wa Nankhoma, amenenso anali ankhoswe a banjalo. Iwo ndi a Efulemu chilamu chawo chinali cha kunyozana kuyambira tsiku loyamba, ndipo anabwera akutsimphina mofulumira kuopa kuti nkhaniyo ingazizire.

"Alamu, ndamva kuti zaka zonsezi mwakhala mukupatsa moni mlendo."

"Inu alamu, mtsinje wa kwathu uja madzi ake a dzulo ali kuti? Anapita. Koma mukauwoloka lero simunena kuti ndawoloka mtsinje wachilendo."

"Mlongo wanga sananene kuti akwera mtsinje. Wati ngolo."

"Nanga mudzi uno? Nyumba zimene ndinazipeza zinagwa zonse. Anthu ake theka ndinawanyamula ndekha. Mwausintha dzina?"

"Mudzi tiusiye, muli nkhani zambiri," anatero a Gilibati akudzikanda m'mutu. "Inu pezani ngolo. Ukalonjezedwa nkhuku ya mawanga subwera ndi yoyera n'kumati nayonso imaikira."

Apa m'pamene a Efulemu inawabwerera nzeru imene inasokoneza mudzi. Kumudzi chinthu sichitayidwa. Ngati zidutswa za ngolo yoyamba zinachoka chimodzichimodzi, ndiye kuti zilipo penapake, zikugwira ntchito zina. Akazitolera, akazimange pamodzi, Nankhoma asowe chonena.

Choyamba sanachifunire kutali. Chitseko cha khitchini ya Nankhoma chinali matabwa awiri a mlombwa a ngolo ija, ndipo chipsera cha pamene atsibweni anazimitsirapo fodya chinkaonekabe. A Efulemu anachizula masana mwini wake ali kuchitsime. Pobwera anapeza mbuzi ili m'khitchini, mutu uli m'dengu la ufa, nkhuku zikuchita msonkhano pa mafuwa.

"Bambo a Tawina, mwayamba kuphwasula nyumba kuti mumange ukwati?"

"Ndabwereka chabe, mayi. Ndi umboni."

Teyala limodzi analipeza kwa a Gilibati, atalidula pakati, abakha akumweramo madzi. Linalo, anthu anawauza, linadulidwa nkhwaira kalekale, ndipo linathera m'mapazi a anthu pa njira ya kumsika. Goli analipeza litakhala mzati wa khola la nkhumba, likununkha moti agalu omwe ankalipatukira.

Mkombero wachitsulo wa teyala unali pa sukulu yatsopano. Chaka chimenecho sukulu inali itayamba kukhala yaulere, ana anachuluka ngati ngumbi, ndipo ena ankaphunzirira pansi pa mkuyu. Pa nthambi ya mkuyuwo panapachikidwa mkombero uja, ndiwo unali belu. A Efulemu anavula chipewa pamaso pa aphunzitsi n'kufotokoza nkhani yonse kuyambira nthawi ya Chitaganya. Aphunzitsi anamvetsera mpaka pamapeto, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe.

"Tengani, madala. Koma mubweze. Ana awa popanda belu saweruka, amangokhala."

Chotsala chinali chitsulo cholumikiza mateyala. Chimenecho anakumbukira kuti anamusiyira Pitala, wosula makasu ku Nathenje. Anamanga Sitima ndi Kapitawo, nauyamba ulendo pa njira yafumbi yodutsa kunsi kwa phiri la Bunda. Matola ankawapitirira akuwathira fumbi, makondakitala akuwakuwiza kuti agogo zinthu zasintha, kwerani galimoto. Iwo ankangokweza chipewa. Anamupeza Pitala akupukusa mvukuto.

"Chitsulo chanu chija? Theka ndinasula nkhwangwa, zili m'midzi umu zikudula mitengo. Theka ndi ili ndikusulirapoli."

"Ndiye ngolo yanga yakhala ikudula mitengo ine osadziwa."

"Nkhwangwa ina inatema munthu chala ku Chadza. Mukapepese."

Anabwera nalo theka lotsalalo atalikulunga m'thumba ngati mwana. Njira yonse ankayankhula okha. Ngolo imodzi yomweyo, lero ikuitana ana kusukulu, ikumwetsa abakha, ikutsekera mbuzi, ikudula mitengo. Nanga iyi akwerayi ndi yani? Mutu unawazungulira, koma mokoma, ngati amwa thobwa logonera.

Atafika, a Gilibati anali akuwadikira pa mulu wa zidutswa zija.

"Zonse mwapeza, alamu. Nanga ng'ombe? Mlongo wanga sangakokedwe ndi Sitima wabodza."

A Efulemu anazikumbukira zonse ziwiri. Kapitawo woyamba anamugulitsa kwa opha nyama. Sitima woyamba anaphedwa pa maliro a apongozi awo, amayi ake a Nankhoma.

"Sitima uja tinadya," anatero a Gilibati akusisita mimba. "Ine ndinadya chiwindi ndi linunda. Ali muno, sanatuluke yense."

"Mwanena nokha, alamu. Ngati Sitima ali mwa inu, mukoka ndinu."

A Gilibati anayang'ana anthu amene anali atayamba kusonkhana, ndipo anaona kuti pobwerera palibe. Anakodola a Petro, mkulu wina wa mpingo amene anagula mwendo wa Kapitawo kwa opha nyama aja, nati, "Bwerani, Kapitawo, tagwidwa."

Loweruka m'mawa ntchito inayamba pabwalo. Chitseko anachigoneka pa theka la chitsulo lija n'kumanga ndi luzi. Mbali imodzi anaikako belu wa sukulu. Mbali inayo, poti teyala la abakha silikanazungulira, analimangirira chomwecho kuti lizikhukhuluzika. Mtengo wokokera unali wa nsungwi, ndipo a Efulemu anapempha anthu kuti umenewo asauwerengere. Amayi anasiya mitondo, opita kumsika anatsika panjinga. Ngolo yeniyeni yoyenda ija kunalibe tsikulo, mwamuna wa Tawina, mwana wawo wamkazi, anali atapita nayo kukatuta njerwa.

Anawaitana Nankhoma. Anabwera pang'onopang'ono, chitenje chili kale pakamwa.

"Nayi ngolo imene inandibweretsa," anatero a Efulemu. "Chidutswa chilichonse chinachoka ku Nathenje. Ng'ombe zake ndi izo."

A Gilibati ndi a Petro anali atalowetsa makosi pansi pa goli lonunkha lija. A Gilibati ankapalasa pansi ndi phazi, akufwenthera. A Petro ankangoti, "Abusa asamve, abusa asamve."

"Yambani mwakwera eni ake, ndione," anatero Nankhoma.

A Efulemu anapendamitsa chipewa monga tsiku lija, nakwera pa chitseko, naimirira.

"Sitima, tiye. Kapitawo, usagone."

Madala awiri aja anakoka. Belu wa sukulu anazungulira kamodzi, nalira kuti ngee, ndipo ana amene anali pamenepo anayamba kundanda pamzere mwachizolowezi. Kenako luzi linaduka. Chitseko chinapita kwake, chitsulo kwake, belu anagubuduzika kulowera kudimba agalu ali pambuyo. A Gilibati anagwa chafufumimba goli lili pakhosi. A Efulemu anapezeka atakhala pansi m'fumbi, miyendo m'mwamba, chipewa chokha chili pamalo pake.

Bwalo lonse linagwa nako kuseka. Koma a Efulemu ankayang'ana munthu mmodzi. Nankhoma anali atagwira mawondo, chitenje chagwa, akuseka pakamwa ponse, usinini uli poyera, misozi ikutsika. Zaka zambiri zinali zitapita asanawaone akuseka choncho. Nankhoma atazindikira kuti akuonedwa, anatola chitenje msangamsanga n'kuzembera kuseri kwa nkhokwe.

A Efulemu anadzisasa fumbi, nawatsatira akutsimphina. Anawapeza atakhala pa mtondo wogwetsa.

"Mwapweteka?"

"Matako okha. Ndi akale, sanali a tsiku lija."

Nankhoma anafuna kuseka, koma anaugwira mtima. Anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala chakuphazi.

"Bambo a Tawina, za ngolozi ndinangonena. Ndinkadziwa kuti simuipeza. Mtsikana amene munamupeza kuno uja kulibe. Mano anapita, tsitsi lachita imvi, msana wapindika. Ndiye ndikaime kutsogolo kwa mpingo ndi nsalu yoyera kumutu, abusa akandifunse, nditsegule pakamwa pamenepa? Anthu adzati agogo awa apenga."

A Efulemu anakhala pansi pafupi nawo.

"Ndiye mwandigonjetsa, mayi. Ngolo ija kulibe. Nankhoma uja kulibe. Inenso mnyamata wa chipewa uja sindikudziwa kumene anapita, anangondisiyira chipewachi. Ndiye kuti ine ndikugona m'nyumba ya mayi wachilendo amene sindinamufunsire n'komwe. Ndi mlandu umenewo. Tiyeni tikakwatirane msanga a Petro asanaumve."

"Musandiseketse."

"Koma ngati muli yemwe uja, ngakhale mano anatsogola, ndiye kuti ngolonso ndi yomwe ija ngakhale matabwa anatsogola. Mukwera basi. Uku tchalitchi, ukunso tchalitchi."

"Pakamwa panupo ndiye sipanasinthe. Amayi anandichenjeza."

Ali chikhalire choncho, kuchokera kutali ku njira ya kudambo kunamveka kaphokoso. Kwiii-kwo, kwiii-kwo. Nankhoma anatukula mutu osaganiza.

"Uyo akubwera mkazi wamkulu. Mukamuchingamire."

"Mwamudziwa bwanji? Ngolo m'dera lino zilipo zambiri, ndipo simunamuone."

"Ndingalephere kumudziwa? Kulira kumeneku ndinakumva ndili kusinja tsiku lija, ndinataya musi. Mpaka lero ndikakumva ndimadziwa kuti ndiike madzi pamoto."

Atangotero anazindikira chimene anena. A Efulemu ankangowayang'ana, mapewa akugwedezeka. Zoona zake n'zakuti teyala lililonse lakumanzere limene anaikapo pa moyo wawo ankaliika mopendama pang'ono, poti ankayeza ndi diso, ndipo diso lawo linali lomwelo. Mafuta ankathira tsiku ndi tsiku, koma kulirako sikunkamva mafuta.

"Mwandikola," anatero Nankhoma. "Koma chitseko changa chibwerere lero lomwe. Ndipo a Gilibati akasambe asanabwere ku ukwati wanga."

Ukwati unadalitsidwa anthu atakolola. Ngolo anaikongoletsa ndi maluwa ofiira a kumpanda, Sitima ndi Kapitawo atawamanga tinsalu m'nyanga. Mwana wawo wamwamuna, Masautso, amene ankagwira ntchito pa matola a ku Lilongwe, anabwera ndi galimoto kuti anyamule makolo ake mwaulemu. Anakanidwa. Galimotoyo inayenda pambuyo pa ngolo, pang'onopang'ono ngati ili pa maliro, dalaivala akuliza hutala mokwiya, amayi akululutira. Abusa atafunsa funso lawo, Nankhoma anayankha kuti inde mokweza, dzanja lili pambali, ndipo a Gilibati ali kumbuyo analira ngati ng'ombe, motsitsa, mpaka a Petro anawagunda ndi chigongono.

Sabata ya mgonero a Efulemu sanatuluke kukaona ng'ombe. Anasendera kutsogolo ndi anzawo. Potuluka anauza alamu awo kuti kanthuko n'kochepa, koma kakhala pamalo pake.

Belu anabwerera pa mkuyu, ndipo mpaka pano akamalira ana amati ngolo ya a Efulemu yaitana. Abakha anabwezeredwa teyala lawo. Pitala anadzatenga yekha chitsulo chake, akudandaula kuti makasu a anthu achedwa chifukwa cha ukwati wa nkhalamba.

Patapita dzinja lina ndi linzake, a Efulemu chifuwa chinawagwira, ndipo m'mawa wina analephera kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Masautso anati akapeze galimoto. Iwo anapukusa mutu, naloza kumene kunali ngolo. Anawagoneka pa mphasa, mutu pa miyendo ya Nankhoma, ulendo wa kuchipatala cha kwa Mitundu. Dzuwa linali litakwera, msewu uli ndi anthu opita kumsika, ndipo ambiri ankaima n'kuvula zipewa. Teyala lija tsikulo linalira kuposa masiku onse.

"Likuwasokosa abambo," anatero Tawina. "Tikabwerako tikaliwongoletse kwa amakaniko."

A Efulemu anatsegula maso, nafufuza dzanja la akazi awo. Mawu anali atachepa, moti Nankhoma anachita kuwerama. Kuchipatalako sanakayankhulenso.

"Nankhoma, mawa mukawapatse moni agogo, asadabwe. Mafuta muzithira. Koma teyala lakumanzerelo asaliwongole munthu. Mulisiye lizilira."